Ubatizo wa Msuwani wa Anyani

Uthenga unandipeza ndili pa mashini anga osokera ku Migowi, ndikupinda mpendero wa yunifolomu ya mwana wasukulu. Wakabaza wina wa kwathu anaimika njinga pakhonde la sitolo n'kunena mosazungulira kuti apongozi anga, a Mulepa, atisiya m'mawa umenewo. Ndinalira pomwepo anthu akuona, ndipo sindinachite nazo manyazi. Koma ndinene zoona, pa maliro onse amene ndakhalapo, sindinaonepo maliro amene anthu anaseka ngati amenewa.

Asodzi a ku Chilwa anabwera pa njinga ndi madengu a makumba owamba, popanda wowapempha. Azimayi a kukhitchini, amene anali atasankha kale nyemba, anachita kusowa poika miphika. Ndiye Abusa a Nampuluma, alamu awo a malemuwo, ataimirira kuti alalikire, anayang'ana bokosi kwa kanthawi n'kunena kuti, "Uyu ndinam'miza ndekha ndi manja angawa." Khamu lonse linafa nacho chiseko, ndi anamfedwa omwe. Achibale ochokera m'tauni anangoti kakasi, kuyesa kuti kwathu kuno tinapenga. Nkhani ya kumizako ndiifotokoza, koma muyambe mwam'dziwa munthuyo.

A Mulepa anaphunzitsa bayoloje m'masekondale mpaka tsitsi linawathera pamutu. Anali aafupi, a miyendo ya matewe, ndipo ankayenda mothamanga ngati asiya mphika pamoto. Atapuma ntchito anakhazikika kumudzi kwa akazi awo, mayi Esinati, m'mphepete mwa mtsinje wa Phalombe, kumunsi kumene madzi amayamba ulesi asanalowe m'nyanja. Ine ndinakwatira mwana wawo Fanesi, choncho tonse awiri tinali akamwini pa mudzi umodzi, iwo wamkulu, ine wamng'ono. Mwinimbumba anali Abusa aja, mchimwene wawo wa mayi Esinati.

Tsiku loyamba kudya nawo mbale imodzi ndinafika ndi jekete yobwereka ndi njala ya kuyambira m'mawa. Titasamba m'manja, iwo ananyamula nsomba ya m'mbalemo, n'kuiyasamula kukamwa, n'kuyamba kundionetsa mmene makumba aakazi amasungira mazira ndi ana awo m'kamwa, osadya kanthu mpaka anawo atadziwa kusambira. Anatambasula chipsepse cha pamsana, ananditembenuzira mamba, anandifunsa ngati ndinayamba ndadabwapo kuti mlamba ulibe mamba. Ine ndimangoti, "Eya, bambo," maso ali pa ndiwo zimene zinkazizira. Anandipulumutsa ndi mayi Esinati, amene anaponya mawu ali kuseri kwa mpanda: "Bambo a Fanesi, mlendoyo wabwera kudzakwatira, sanabwere kudzalemba mayeso." Madzulo ndikudandaula, Fanesi anangondiuza kuti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.

Matumba a buluku lawo anali chinthu choopsa. Mayi Esinati asanachape ankayamba apisamo kamtengo, chifukwa munkapezeka zigoba za nkhono, nthenga, njere zosadziwika, ndipo tsiku lina munatuluka nankalizi wamoyo. Chule sankamupha. Kadzidzi atayamba kulira padenga lawo, mudzi wonse ukunong'onezana za ufiti, iwo anakondwa ngati alandira mlendo wa ulemu, nati nkhokwe yawo yapeza mlonda wosafuna malipiro, popeza kadzidzi amadya makoswe. Ankakonda kunena kuti m'dambo mulibe chamoyo chongokhala: chilichonse chili ndi chimene chimadya ndi chimene chimachidya. Podziwa kuti ndine telala, ankandiuza kuti dambo ndi nsalu, ukasolola ulusi umodzi sudziwa kumene chibowo chikaonekere.

Dzina lakuti Msuwani wa Anyani analipeza ine ndisanabwere pamudzipo, koma nkhani yake ndinaimva kwa anthu ambiri, ndipo aliyense ankaithira mchere wake. Mwana wina anakanena kwawo kuti aphunzitsi akuti makolo athu anali anyani. Abusa anafika pakhomo Baibulo lili m'khwapa, mtima uli m'mwamba. A Mulepa anawapatsa mpando, n'kunena modekha: "Alamu, ine sindinanene kuti agogo anu anali nyani. Ndinati inu ndi nyani muli ndi agogo amodzi, akalekale. Nyani ndi msuwani wanu. Simuona mmene amakuberani chimanga m'munda, mukam'thamangitsa n'kumakusekani ali pamwala? Chisuwani chimenecho." Abusa anachoka osatsanzika, ndipo mkangano umene unayamba tsikulo sunathe mpaka kumanda.

M'tchalitchi a Mulepa sankalowa. Lamulungu lililonse ankaperekeza akazi awo, atawanyamulira ambulera, n'kukathera pansi pa mtengo wa mango panja, kumene ankaonerera nyerere mpaka mapemphero atatha. Pobwerera kunyumba ndiye kunali ntchito. Abusa ndi Genesis wawo, a Mulepa ndi mafupa awo akale, njira yonse manja ali m'mwamba, n'kukafikira pa mkeka umodzi kukadya kalongonda m'mbale imodzi. Wina akadwala, mnzake ankasowa mtendere. Mayi Esinati okha ndi amene nkhaniyi sinkawaseketsa. Ankawapempherera amuna awo mokweza, powatchula dzina, iwo ali pomwepo akusenda chinangwa.

Pa zamoyo zonse, makumba a ku Chilwa ndiwo anali mwana wapamtima. Ankati nyanja yathuyi ilibe khomo: mitsinje imathiramo koma palibe wotulukamo, n'chifukwa chake madzi ake ndi amatope ndiponso amchere. Kalekale madzi athu ankalumikizana ndi madzi ena, nsomba n'kumayenderana, kenako mchenga unatseka njira, makumba a kuno n'kutsala okha. Tsono pa ana a nsomba imodzi sipakhala awiri ofanana ndendende. Ena amapirira mchere, ena ayi. Ena amaswa akadali aang'ono, ena amadikira kuti akule. Nyanja ikaphwa, odikira aja amafa asanasiye mbewu, ofulumira n'kusiya ana otengera makolo awo. Zikachitika motero mibadwo ndi mibadwo, umapeza kuti makumba a Chilwa salinso ngati abale awo a mu Shire. Ankati sanafike pokhala mtundu winawina, koma ali pa ulendo, ndipo ukawataya sungakawagule kwina.

Nkhondo ya ku Mozambique itatha, a Mulepa anawoloka malire kukaona abale amene makolo awo anawasiya kumeneko. Anabwerako akuwala nkhope. Kunapezeka kuti Chilomwe chawo, chimene kuno ankadzitama nacho, kumeneko ana ankachiseka kuti n'chodzaza Chichewa, pamene cha eniakewo chinali ndi mawu a Chipwitikizi amene iwo sanawamve. Munthu wina akanabwerako ndi manyazi, koma iwo ankaimitsa aliyense pamsewu. "Agogo athu anali amodzi, amwene, koma taonani, phiri ndi malire basi, tayamba kale kufunsana kuti mwati chiyani. Ndi zomwezi zimene zinawachitikira makumba."

Chaka chotsatira chisankho choyamba cha zipani zambiri, mvula inali itanyanyala kwa nthawi, ndipo nyanja inathawa. Mabwato anagona pa dothi long'aluka. Zimbowera, timisasa tija asodzi amamanga poyandama pa udzu wa njedza, zinakhala pansi. Anthu ankapalasa njinga pamene kale ankapalasa bwato, ndipo mbalame zinasamuka. Nsomba zimene zinapulumuka zinathawira m'mitsinje, mitsinjeyo n'kuduka, n'kutsala maiwe apo ndi apo. Limodzi mwa maiwe amenewa linali la pa Mkuyu, kumunsi kwa mudzi wathu, lakuya kufika m'khosi, kumene mpingo wathu umabatizira anthu powamiza.

Ndiwo zinasowa. A Jailosi, msodzi wamkulu wa pamudzi, munthu wabwino koma wa ana ambiri, anasonkhanitsa amuna kuti akasinje katupe, chomera chija ukachithira m'madzi nsomba zonse zimayandama, zazikulu ndi tiana tomwe. A Mulepa anayenda khomo ndi khomo kuchonderera. Ankati zimene zili m'dziwemo si ndiwo, ndi mbewu ya nyanja, ndipo palibe mlimi amene amakazinga chimanga cha mbewu. A Jailosi anawamvetsera mwaulemu, kenako anati, "Aphunzitsi, ana anga akudya chigwada m'mawa ndi madzulo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Komanso, pepani, dziwe limeneli si la akamwini." Tsiku limenelo apongozi anga anakankha mbale osadya, osayasamula ndi nsomba yomwe. Ndinachita mantha, chifukwa ndinali ndisanawaonepo ali chete.

Lamulungu lotsatira anaperekeza akazi awo monga mwa masiku onse. Atafika pa mtengo wa mango sanaime. Analowa m'tchalitchi, ambulera ili m'manja, n'kupita kutsogolo, n'kunena kuti akufuna kubatizidwa, ndipo akufuna kumizidwa pa Mkuyu pomwe anamizidwira akazi awo, osati pena paliponse. Nthungululu zimene zinalira tsikulo zinamveka mpaka kuchigayo.

Tsono mwambo wa mpingo wathu ndi wakuti munthu sabatizidwa asanalowe kalasi, ndipo satuluka m'kalasi mpaka abusa atakhutira naye. Nanga ndani angathire katupe m'madzi amene akudikira kumizamo munthu? Koma chimene chinateteza dziwelo kwenikweni si mwambo, ndi chidwi. Dera lonse linkafuna kuona Msuwani wa Anyani akulowa m'madzi. Ngakhale a mipingo ina, ngakhale osapemphera, ankafunsa tsiku. A Jailosi amene anati, "Nsomba ndidzadya chaka china, koma izi sindidzazionanso," ndipo anazika okha mtengo pagombe, n'kumangirirapo kansalu koyera kamene ndinasoka ine, kuti aliyense adziwe kuti dziwelo silikhudzidwa.

M'kalasi a Mulepa anakhala pa benchi limodzi ndi anyamata ndi atsikana amene ena mwa iwo anali zidzukulu za ophunzira awo akale. Dzanja lawo silinkatsika. Ankafuna kudziwa ngati Adamu anali ndi mchombo. Ankafuna kudziwa ngati nsomba za m'madzi opanda mchere zinapirira bwanji chigumula chitasakaniza nyanja zonse. Kalasi inkatha dzuwa litapendeka, ana akugubuduka ndi kuseka, Abusa akupukuta thukuta.

Tsiku lina ndikuwayeza Abusa jekete pakhonde pawo, apongozi anatulukira. Abusa sanadikire n'komwe kuti ndichotse tepi paphewa.

"Alamu, musandiyese mwana. Inu mukufuna kupulumutsa nsomba."

"Nanga Nowa anapulumutsa chiyani?" anatero a Mulepa. "Iye anasunga mbewu m'chombo chifukwa madzi anachuluka. Ife tikusunga mbewu m'madzi chifukwa mtunda wachuluka. Ntchito ndi imodzi."

Abusa anatsitsa mkono umene ndinkauyeza. "Mvula ibwera liti?"

"Funsani Abwana anu. Inu ndi amene mumalankhula nawo."

"Chabwino. Ndizikulepheretsani mpaka igwe. Koma ikagwa ndikumizani ndithu, ndipo sindifulumira kukuvuulani."

Chimene chinkandidetsa nkhawa ine ndi mayi Esinati. Anali atagula kale nsalu yoyera ya malaya a ubatizo, ndipo ankayenda ngati mtsikana. Ndinkaopa tsiku limene adzadziwe kuti pemphero lawo la zaka zonsezo layankhidwa ndi makumba. Kunapezeka kuti ankadziwa kuyambira tsiku loyamba. Atabwera ndi nsaluyo kuti ndisoke, anakhala patali monga amachitira mpongozi, n'kulankhula ngati akuuza Fanesi: "Ena Mulungu amawakoka ndi matenda, ena ndi maliro. Awa wawakoka ndi nsomba. Mbedza ndi mbedza. Auzeni amuna anuwo asoke zolimba, madzi adzakhala othamanga."

Koma mvula inachedwa. Mwezi wa Novembala unatha kumwamba kuli mbee. Dziwe linatsika kuchoka m'khosi kufika m'chiuno, madzi n'kufunda, nsomba n'kumabwera pamwamba kudzayasamula. Azimayi anasamutsa malo ochapira n'kuphimba mbali ina ya dziwe ndi makungwa ndi masamba a nthochi, ati kuti madzi a ubatizo asade. A Mulepa anauza a Jailosi kuti milamba angathe kuiwedza ndi mbedza, chifukwa imadya tiana ta makumba, ndiponso mlamba suvuta, umapuma mpweya wa kunja n'kudikira m'matope. Zimenezi zinagwira mitima kwa kanthawi. Kenako anthu anayamba kung'ung'udza kuti munthu wophunzira chotere angalephere bwanji kalasi imene ana akukhoza. Akulu a mpingo anapita kwa Abusa n'kuwauza kuti amuyese munthuyu pagulu, ndi funso losavuta, abatizidwe madzi asanafike m'mawondo. Aliyense ankadziwa kuti akabatizidwa masana, katupe alowa m'mawa mwake.

Tchalitchi chinadzaza mpaka m'mawindo. Abusa anaimika alamu awo kutsogolo. Akulu a mpingo anali atasankha okha funsolo.

"A Mulepa, ndani analenga kumwamba ndi dziko lapansi?"

Akayankha bwino, nsomba zatha. Akakana, achotsedwa m'kalasi pamaso pa akazi awo, ndipo nsomba zathabe. Iwo anakanda dazi lawo, n'kuyang'ana kumene kunakhala mayi Esinati.

"Mulungu," anatero. Anthu anayamba kuwomba m'manja, koma iwo anakweza chala. "Koma ndili ndi kafunso, Abusa. Anamaliza?"

"Anapumula tsiku lachisanu ndi chiwiri."

"Kupumula ndamva. Inenso ndimapumula pamunda. Ndikufunsa ngati anaweruka. Chifukwa ine ndikaona makumba a Chilwa, ndimaona ngati dongo likadali lofewa m'manja mwake."

Abusa anapuma mpweya wautali ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Asanayankhe, mkulu wina wa mpingo anaimirira kutsutsa, mayi wina wa chigwirizano n'kuimirira kutsutsa mkuluyo ndi vesi lakuti Atate akugwirabe ntchito kufikira tsopano. Amene anali ndi Mabaibulo anayamba kuvundukula masamba. Dzuwa linapendeka tchalitchi chitagawikana pakati, ndipo a Jailosi, amene anabwera kudzaonetsetsa kuti nkhaniyi ithe, anali pakati penipeni pa mkanganowo, mitsempha ya m'khosi itatupa. Pamapeto pake Abusa anamenya tebulo n'kulengeza kuti munthuyu sanapse, abwerere m'kalasi.

Mvula inagwa kalasi ikadali mkati. Inayambira kuphiri, ndipo tinamva mtsinje ukubwera tisanauone. Madzi ofiira anadzaza khwawa lonse, anakokolola masamba a nthochi aja ndi mtengo wa a Jailosi womwe, dziwe n'kusanduka mtsinje. A Mulepa anaima pagombe mvula ikuwakhuthukira padazi, akuloza kumunsi n'kumauza aliyense kuti zapita, zapita kwawo. Kenako anatembenuka n'kupeza Abusa ataima kumbuyo kwawo ndi ambulera, akumwetulira. Walira mvula walira matope.

Anabatizidwa madzi atatsikako pang'ono, koma akadali ofiira ndi othamanga, moti amuna awiri anachita kugwira Abusa m'chiuno. Anthu anadzaza magombe onse awiri, ena m'nthambi za mkuyu. Abusa anasunga lonjezo lawo: sanafulumire. Apongozi anga anavuuka akutsokomola, malaya oyera aja ndinawasokera atasanduka a katondo, ndipo atangoponda pamtunda anayamba kuvina tchopa, kwaya ikuimba nyimbo ina, iwo akuponda ina. Akulu a mpingo anayang'ana kumbali. Mayi Esinati ankaseka misozi ikutsika, ndipo ine, mkamwini, ndinaiwala ulemu n'kuvina nawo.

Nyanja inabwerera pang'onopang'ono. Anayamba kuoneka ndi matemba ndi milamba, makumba n'kubwera pambuyo. Asodzi ankati ndi nsomba za aphunzitsi, koma iwo ankakana kwamtuwagalu, nati maiwe anali ambiri m'mitsinje ina ndipo anthu enanso anasunga, lathuli linali limodzi chabe. Chimene chinadabwitsa anthu n'chakuti m'tchalitchi sanatulukemonso. Ankakhala pafupi ndi windo, akuimba mokweza ndiponso molakwitsa. Za anyani sanabweze ngakhale liwu limodzi. Wina akawafunsa kuti tsopano ali mbali iti, ankati amakhulupirira Mlengi amene sanaweruke, ndipo pobwerera kunyumba mkangano ndi alamu awo unkapitirira pamene unalekera sabata yatha.

Apongozi angawo tinawaika m'manda m'chilimwe. Patapita masabata angapo, nditapita kukathandiza mayi Esinati kufolera khitchini, ndinatsikira ku Mkuyu kukasamba m'manja. Mtsinje unali utaduka monga umachitira chaka chilichonse, dziwe lili phee. Ndinapeza Abusa ataima pagombe ndi ndodo yawo, atakalamba kwambiri m'masabata ochepawo. Sanandipatse moni. Anayang'ana madziwo n'kunena kuti, "Amwene, nyanja ija idzaumanso. Ndiye ndikaganiza, pamudzi pano sipanatsale wosabatizidwa ndi mmodzi yemwe."

Pali muzu wa mkuyu umene umatulukira pamwamba pa madzi. Apongozi anga, miyendo itayamba kuwavuta, ankakhala pamenepo masana ndi kathumba ka gaga kodyetsera nsomba, ndipo khungwa lake linasalala ndi kukhalidwa. Titayandikira, mthunzi wathu unagwera m'madzi, ndipo tiana ta makumba tinatuluka m'udzu, tambirimbiri, n'kusonkhana pansi pa muzuwo, timilomo tili m'mwamba. Ife tinalibe kanthu m'manja. Tiana tija tinadikira pamenepo kwa kanthawi, kenako tinabalalika n'kubwerera m'udzu.